Mutu 6: Wa Kumbuyo Ndiye Mwini Bwato

1. Kaputeni

Dennis Sakala anasankhidwa kukhala kaputeni wa ulendo popanda wopikisana naye. Iye ankati n'chifukwa cha nzeru zake. Anzake ankadziwa kuti matenti atatu, majekete oyandamitsa munthu pamadzi, ndi galimoto imene inawatula pa damu la Mulungushi, zonsezo zinali za bambo ake a ku Highridge. Koma poti anali ana oleredwa bwino, sanamuuze.

Anali achinyamata asanu ndi awiri a ku parishi imodzi ya mu Kabwe, pa holide ya mu Ogasiti. Ananyamuka Lachinayi. Usana ankapalasa, madzulo n'kumanga matenti m'tchire la m'mbali mwa damu, ndipo Lolemba galimoto inayenera kudzawatenga.

Wowayang'anira anali Madamu Hellen, mphunzitsi amene ankaopa madzi koma ankaopa kwambiri makolo a ana. Wodziwa njira anali a Nason a ku Makandanyama, bambo amene kale ankatsika mumgodi. Mgodi utatsekedwa anayamba kupha nsomba.

Mabwato anali atatu. Awiri anali a fayiba, opepuka ngati pulasitiki, obwereka. Lachitatu linali la matabwa a mlombwa, la a Nason eniake, ndipo ndi limene linkadyetsa banja lawo.

Asanakwere, a Nason anawaimika pamzere.

"Ana inu, tamverani, chifukwa pamadzi sindibwereza mawu. Damu ili si mtsinje. Pansi pake pali nkhalango imene inamizidwa agogo anu asanabadwe. Mitengo mukuiona yaima m'madziyo inafa kalekale. Kunja imaoneka yolimba, mkati ndi phala. Musamangirirepo bwato, musaitsamire, musaikhulupirire. Tikafika pogona, bwato limatuluka m'madzi. Mulikoke mapazi khumi kupita kumtunda, ndipo muwerenge ndi miyendo, osati ndi maso. Mwezi uno mphepo imadzuka m'bandakucha, ndipo siifunsa kuti bwato ili n'la ndani. Dzuwa likapendeka, wina asatsikirenso kumadzi. Nthawi imeneyo gombe ndi la ng'ona, ife timangobwereka masana. Chomaliza ndi ichi: wa kumbuyo ndiye mwini bwato. Ndiye amawongolera, ndiye amakoka, ndiye amayankha mlandu. Likatayika sindifunsa anthu atatu. Ndifunsa mmodzi."

Dennis anagwedeza mutu pamalo onse oyenera. Zambiri sanazimve, chifukwa maso ake ankasankha pokhala. M'galimoto ya bambo ake wamkulu amakhala kutsogolo. Choncho anakakhala kutsogolo kwa bwato la mlombwa, n'kuyang'ana patali ngati munthu wa pa kalendala.

Kumbuyo kunakhala Philomena, mwana wa mlongo wake wa a Nason. Kwa zaka ziwiri mtsikanayu anakhala akuwapempha amalume ake kuti amuphunzitse bwato. Atatopa ndi kukana anamuphunzitsa, n'kumusemera nkhafi yakeyake. Ulendo uno unali woyamba kumusiyira bwato lawo.

Dennis ankaloza ndi dzanja kumene bwato lipite, Philomena n'kumaliwongolera kumene linayenera kupita. Kawirikawiri malo awiriwa ankagwirizana, chifukwa Dennis ankaloza bwato litayamba kale kukhota.

"Ba kaputeni!" anakuwa Mutale, mnzake wa Dennis, amene ankawongolera bwato lina poti anaphunzira kwa agogo ake ku Luapula. "Nkhafi yanu ikali youma! Muisungila Khisimasi?"

"Iwe Mutale, kaputeni ni maso," anayankha Dennis. "Vamanja ni vanu."

2. Netiweki

Lachisanu masana anafika pagombe lina la mabango. Philomena anaitana anzake awiri, nakoka bwato la mlombwa uku akuwerenga mokweza. Atafika pa khumi anaonjezera mapazi awiri.

Matenti anawamanga pamtunda, kuseri kwa miyala, poti munthu sangaone gombe. Kenako Madamu Hellen anatuma onse kukatola nkhuni kuphiri.

"Ine nisala," anatero Dennis. "Kampu siingankale ilibe mukulu."

Chimene chinamutsalitsa sichinali kampu. Lachinayi m'mawa, asanakwere bwato, anaika chithunzi chake pa foni, atavala jekete, dzanja lili pamphumi. Atangochiika, netiweki inatha. Munthu angathe kupirira udzudzu ndi nyemba zosapsa, koma kukhala tsiku ndi theka osadziwa kuti ndi angati achikonda chithunzi chako, amenewo ndi matenda ena. Ndipo Mutale anali atanenapo kuti pakati pa damu foni imagwira.

Mawu a anzake atazimiririka, Dennis anatsikira kugombe. Kutsitsa bwato sikunavute, poti kutsetsereka kwa gombe kunamuthandiza. Analowa, nakhala pamalo ake a ukaputeni, kutsogolo.

Atapalasa kumanja, bwato linakhotera kumanzere. Atapalasa kumanzere, linakhotera kumanja mopitirira. Kumbuyo kunalibe munthu, ndiye kunapepuka n'kuyamba kuyenda mwakufuna kwake. Dennis anaona damu, kenako gombe, kenako damu, kenako gombe lomwe lija. Analoza ndi dzanja kamodzi, mwachizolowezi, koma bwato silinamvere.

Patatha nthawi, kamphepo kanamumvera chisoni n'kumukankhira m'mabango, pafupi ndi pamene anayambira. Anatsika madzi akumulekeza m'mawondo.

Apa m'pamene anadziwa kuti mlombwa umalemera. Anakoka, bwato linangoika mphuno pamchenga n'kukana. Anakokanso mpaka anagwa chagada. Ali chigonere choncho anamva nyimbo. Anzake ankatsika phiri.

Pafupi panali chitsa cha mtengo wakufa, chitaima m'madzi. Dennis anazunguliza chingwe n'kumanga mfundo imodzi yokha imene ankaidziwa, ija amamanga m'chiuno anyamata otumikira paguwa. Anatumikira zaka zinayi, ndipo mfundo imeneyo inali isanamasukepo, ngakhale pa Misa ya Pasaka imene imatenga maola atatu.

Anathamangira kumatenti, nasintha buluku. Anzake anamupeza atakhala pamwala, akuwerenga mapu mwaulemu wonse.

Dzuwa linali litapendeka. Philomena anatula mtolo wake wa nkhuni n'kuima patsogolo pake.

"Ba kaputeni, kumadzi kuli chabe bwino?"

"Vonse vili bwino."

"Mabwato yonse yatatu?"

"Nakamba ati vonse. Siunamvele?"

Philomena anamuyang'ana kanthawi, nayang'ana njira yotsikira kugombe, nayang'ananso dzuwa. Lamulo la amalume ake linali litatseka kale njirayo. Anatola nkhuni zake n'kupita kukasonkha moto.

Dennis anadziuza kuti mawa adzadzuka woyamba, adzutse Mutale mwakachetechete, akoke bwato wina asanaone. Anali maganizo abwino ndithu. Anadzuka womaliza.

3. Mapazi khumi ndi awiri

Chinamudzutsa chinali mfuu ya Mutale.

"Ba Nason! Bwelani muone! Bwato palibe!"

Onse anathamangira kugombe. Mphepo inali itagwira ntchito yake m'bandakucha. Mafunde anali atasesa mchenga wonse, osasiya phazi la munthu ngakhale mzere wa bwato. Mabwato a fayiba anali pamalo pake. La mlombwa panalibe. Chitsa chija nachonso panalibe, koma pa damu limeneli palibe amene amawerenga zitsa.

A Nason anayang'ana madzi nthawi yaitali. Kenako anatembenuka, ndipo monga ananenera, anafunsa mmodzi.

"Philomena."

"Amalume."

"Mapazi angati?"

"Khumi na yabili, amalume."

"Khumi ndi awiri. Enawa mafunde sanawafike, koma langa lokha. Ndiye kuti linamera miyendo?"

Philomena anayang'ana Dennis. Dennis anapeza kuti chingwe cha nsapato yake chikufunika kumangidwanso, ndipo anagwada n'kuchimanga mosamala kwambiri.

"Tinamuthandiza kukoka, ba Nason," anatero mmodzi mwa anzake awiri a Philomena aja. "Koma ise sitinapende mapazi."

A Nason sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza.

"Mwana wa mlongo wanga, tamvera. Zaka ziwiri ndinkakukaniza, osati chifukwa chokuda. Tsiku limene ndinakupatsa nkhafi, anzanga a padoko anandiseka. Anati Nason wakalamba, wayamba kupatsa atsikana mabwato. Ine ndinawauza kuti mwana uyu ali ndi mutu kuposa ana awo onse ataikidwa pamodzi. Ndinanena zimenezo ndi pakamwa panga, pagulu. Bwato kutayika si chachilendo. Madzi amatidyetsa, tsiku lina nawonso amadya. Ukanati, amalume ndinatopa, ndinakoka mapazi anayi n'kusiya, bwenzi pano tikulira limodzi. Koma ukundiyang'ana m'maso n'kumati khumi ndi awiri. Mumgodi munthu akanama kuti wachirikiza denga pamene sanachirikize, sitinkamumenya. Tinkangokana kutsika naye. Bweretsa nkhafi."

Philomena anapita kutenti, nabwera ndi nkhafi, naipereka ndi manja awiri atagwada. Sanalire. Zimenezi zinamuvuta Dennis kuposa misozi.

Madamu Hellen sankakonda chete wotere, ndipo mankhwala ake a vuto lililonse anali amodzi.

"Tiyeni tiike zonse m'manja mwa Mulungu," anatero. "Kaputeni, tipempherere."

Maso onse anatsinzina. Dennis anatsegula pakamwa. Choonadi chinali pafupi kwambiri, chinafika mpaka pammero. Koma dzanja linali litayamba kale chizindikiro cha mtanda, ndipo pakamwa panatsatira njira imene panazolowera.

"Ambuye, tabwela pamenso panu na mitima yosweka. Tipempha kuti mukhululukile mulongo wathu Philomena. Mumupase mutima wovomela kulakwa. Mutipunzise tonse kusamala vintu va benangu."

Onse anati amen, kupatula mmodzi. Madamu Hellen anasisita Dennis paphewa, nati linali pemphero la munthu wokhwima.

4. Chigubu chodula

Tsopano panali anthu asanu ndi anayi ndi mabwato awiri. A Nason anafotokoza mwachidule. Bwato la fayiba limanyamula anthu anayi ndi katundu wawo, wachisanu ndi wa ng'ona. Kutsogolo, ulendo wa maola awiri, kunali doko la asodzi. Loweruka lililonse kalole kankanyamukako ndi nsomba kupita ku Kabwe, ndipo tsikulo linali Loweruka. Kukafika kumeneko akanatha kupanikizana, kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa gombe. Koma kuti ulendo upitirire, mmodzi anayenera kukwera kaloleko kubwerera kwawo.

Palibe anafunsa kuti ndani.

A Nason anatenga Madamu ndi ana awiri. Mutale anatenga otsala onse. Dennis anakhala kutsogolo. Philomena anakhala pansi pakati pa zikwama, atapatsidwa chigubu chodula pakamwa kuti azikapa madzi amene mafunde ankaponyera mkati.

Khwaa, pwaa. Khwaa, pwaa. Chigubucho chinkalira kumsana kwenikweni kwa Dennis.

Maso onse anali pamadzi. Chipika chilichonse choyandama chinkaoneka ngati bwato mpaka atachiyandikira. M'bwato linalo a Nason ankaimirira pafupipafupi, dzanja pamphumi, n'kukhalanso pansi.

Dennis anatenga nkhafi n'kuyamba kupalasa. Anapalasa ndi mphamvu zonse, ngati kuti thukuta lingalankhule m'malo mwa pakamwa. Posakhalitsa m'manja munatuluka matuza.

"Eee, onani!" anatero Mutale. "Ba kaputeni babatiza nkhafi!"

Palibe anaseka, ndipo Mutale sanayesenso.

Atayenda ndithu, Dennis anapendekera kumbuyo n'kulankhula chapansipansi, mphepo ikubisa mawu ake.

"Philo. Nili na mabisiketi mu chola. Ufuna?"

"Awe."

"Osadandaula maningi. Nizakamba na adadi. Bangapezele ba Nason bwato inangu, ya fayiba, yabwino kuchila ija."

Chigubu chinaima.

"Na zina yanga bazanipezela inangu?"

Dennis anayang'ana kutsogolo. Chigubu chinayambiranso. Khwaa, pwaa.

Anadziuza kuti anena akangodutsa mtengo wakufa umene unali patsogolo. Ataudutsa anasankha wina. Damu la Mulungushi lili ndi mitengo yakufa yambiri, ndipo inamukwanira mpaka kudoko.

5. Padoko

Doko linali la misasa ya udzu, maukonde oyanikidwa pamitengo, ndi ntchentche zimene zinkaoneka kuti zimadya bwino kuposa anthu. Kalole kanali kataima pansi pa mtengo, madengu a nsomba atapakiridwa kale.

Mwini nsombazo anali ba Cynthia, mayi wonenepa wa chitenje cha Mtima Woyera, wa ku parishi yawo yomweyo. Madamu Hellen anawakokera pambali, ndipo iwo anavomera kukamutula Philomena pakhomo pa amayi ake.

A Nason anapita kwa asodzi amene ankasoka ukonde pamthunzi, nafunsa ngati wina waona bwato la mlombwa likuyandama lokha. Palibe analiona. Koma nkhani anaimvetsa msanga.

"Wamene anali kumbuyo nindani?" anafunsa msodzi wina wa mano awiri otsala, dzina lake Fidelis. Anayang'ana Philomena n'kuwomba m'manja. "Aaa, ba Nason! Tinakuuzani ise. Mukazi mupaseni mpika, osati nkhafi. Manje muzapalasa chani, beseni?"

Asodzi anaseka. A Nason anaima chilili. Bambo amene masiku awiri onsewa mawu ake anali lamulo, tsopano ankangoyang'ana zala za kumapazi ake.

Philomena anamva zonse. Anaponya chikwama chake pamwamba pa madengu, naponda tayala, nakwera. Dalaivala analiza injini.

"Ni ine," anatero Dennis.

Mawu amene analamulira damu lonse kuyambira Lachinayi anatuluka ngati a mwanapiye. Injini inawameza. Mutale yekha ndiye anacheuka.

"Wati chani?"

Kalole kanayamba kusuntha. Dennis anathamanga n'kukaima kutsogolo kwake, manja m'mwamba.

"Ni ine! Ni ine ninatenga bwato! Philomena anakoka bwino! Ine ninaingenesa pamadzi, ninakangiwa kuibweza, ninamangilila ku chitsa!"

Dalaivala anazimitsa injini. Ankachedwa, koma nkhani yotere munthu saisiya pakati.

Doko lonse linasonkhana. A Nason anayandikira pang'onopang'ono.

"Unamangirira ku chitsa cha m'madzi."

"Ee, ankolo."

"Unkafuna chiyani pamadzi wekha?"

Dennis anayang'ana uku ndi uku, ngati kuti pangapezeke yankho lina labwinopo. Silinapezeke.

"Netiweki."

"Unaipeza?" anafunsa Fidelis.

"Awe."

"Anazunguluka ka seveni," anatero Philomena ali pamwamba pa madengu. "Ninamuona nili pa phili. Ninapenda."

Asodzi anaseka mpaka wina anagwira mtengo. Koma anzake a Dennis sanaseke. Madamu Hellen anagwira pakamwa, ndipo aliyense anadziwa kuti akukumbukira pemphero lija.

A Nason anayang'ana m'mwamba.

"Unamuona? Nanga bwanji sunanene, mwana iwe?"

"Ninamufunsa mumazulo, anati vonse vili bwino. Ninaganiza ati mwina anapeza bomuthandiza kukoka. Kuseni ninakuuzani ati khumi na yabili, amalume. Imwe munanipunzisa kupenda, koma simunanikhulupilile." Analoza Dennis ndi chala. "Manje sembe ninakamba ati ni Dennis, sembe munamvela? Matenti ni yao. Majekete ni yao. Motoka ni yao. Ine nili chabe na pakamwa. Sembe munakamba ati nanama kabili."

Palibe anatsutsa.

A Nason anavula chipewa. Anachita zimenezi pamaso pa Fidelis ndi asodzi onse aja.

"Tsika, mwana wa mlongo wanga. Wolakwa ndine. Ndinafunsa mmodzi monga mwa lamulo, koma yankho lake sindinalimvere. Tsika, ukatenge malo ako."

"Sinizaseluka, amalume."

"Philo, chonde, napapata," anatero Dennis. "Seluka. Ine ndine niyenela kuyenda ku nyumba."

Philomena anamuyang'ana kuchokera pamwambapo monga mmene munthu amayang'anira nsomba ya dzana.

"Bwato sembe ninakukhululukila," anatero. "Koma unanipemphelela, Dennis."

Anatembenuka n'kukhala moyang'ana kumsewu.

Dennis anagwira chitsulo cha kalole kuti akwere, poganiza kuti mwina akakwera iye mnzakeyo atsika. Kunena zoona, nayenso ankafunitsitsa kuchoka pamalo amenewo. Dzanja la a Nason linamugwira paphewa.

"Ayi. Iwe sukwera. Kunyumba kwanu kuli geti ndi chitseko cha kuchipinda, ndipo ukufuna ukabisale kumeneko mpaka anthu aiwale. Uyu akupita chifukwa wasankha yekha, ndipo ine ndilibenso nkhope yomuletsera. Tamvera, mnyamata. Wanena zoona, ndipo si onse amene akanaima kutsogolo kwa galimoto. Koma zoona zako zafika ngati mvula ya mu Epulo, chimanga chitauma kale. Unali ndi madzulo a dzulo. Tikanatsika amuna anayi ndi miuni, n'kulikoka, bwenzi nkhani itathera pa kukukalipira. Unali ndi m'mawa uno pagombe. Unali ndi maola awiri pamadzi, mwanayu akukapa madzi kumsana kwako. Nthawi zonsezo unkadikira kuti choonadi chitsike mtengo, koma chimakwera ola lililonse, ndipo amene ankalipira ndi wina. Bwato unalitaya ndi manja, limenelo ndi vuto la umbuli, limachizika. Mwanayu unamutaya ndi pakamwa potseka, ndipo ine ndinakuthandiza. Choncho iwe ndi ine titsala. Tifunafuna bwato mpaka Lolemba. Udzadya mbale imodzi ndi anzakowa, akukuyang'ana, ndipo sudzafa."

Dennis anasiya chitsulo chija.

Dalaivala anaona kuti zokoma zatha, naliza injini. Ba Cynthia anakwera kutsogolo movutikira, natseka chitseko kawiri, kenako anatulutsa mutu pawindo n'kumuyang'anitsitsa Dennis.

"Iwe, si ndiwe mwana wa ba Sakala ba ku Highridge?"

"Ndine, anti."

"Ninaziba! Mphuno ni ya batate bako. Mailo pa Sondo ku Misa nizankala benchi imozi na bamai bako. Nizabauza ati nakuona."

Kalole kanakwera chitunda, fumbi lofiira likutsatira. Philomena sanacheuke. Nkhani inali itanyamuka kupita ku Kabwe, mwini wake atatsala masiku awiri m'mbuyo.

A Nason anavala chipewa chawo.

"Tiyeni. Mphepo inkapita kum'mwera. Tiyambira kumeneko."

Anatsikira kumadzi. Dennis anafika woyamba n'kulowa m'bwato limene linali pafupi. Atacheuka anaona anzake asanu, ndi Mutale yemwe, ataima pamzere pa bwato linalo, aliyense akuyesetsa kuti asakhale wotsala.